Mafuta a Ndege m'Galimoto ya Mkamwini

Inu amene munkamudziwa Mzime, namwino uja woseka ndi maso, khalani pansi mumve mmene anapitira.

Bambo ake anali makaniko wopuma pantchito. Manja anali atayamba kunjenjemera, koma khutu linali likadali lakuthwa. Tsiku lina anapeza mkamwini wawo, mwamuna wa Mzime, ataweramira galimoto pabwalo, akuthira mafuta abuluu kuchokera m'chigubu.

Mkamwiniyo ankagwira ntchito yomwetsa mafuta ndege zing'onozing'ono. M'mawa uliwonse amakhetsako mafuta pang'ono kuti aone ngati mulibe madzi, ndipo okhetsawo ankawasunga mu diramu. Iye ankatungamo. Galimoto yake inali ya tabo, kachipangizo kopopera mpweya mu injini, ndipo akaiponda kwambiri inkagogoda. Anafotokoza kuti mafuta a ndegewa akawasakaniza ndi petulo kugogodako kumatha. Ndiye anali atamanganso nati ya tabo ija kuti izipopa koposa.

Mkuluyo anamvetsera injini. Inali ziii, yosalala ngati mwana wakhuta. Koma mtima wawo sunakhale pansi.

"Akamwini, mwana akamalira sitimutseka pakamwa. Timafunsa chamuluma."

"Apongozi, zanu zinali za kale zija zolizira ndi chitsulo kutsogolo," anatero mkamwini akuseka. Mzime naye anaseka, nati ababa angochita nsanje chifukwa njinga yawo siuluka.

Anasekanso nawo mkuluyo. Akanatani? Mwana wako umamukalipira, koma mkamwini umamulankhula mozungulira.

Panapita miyezi iwiri. M'mawa uliwonse awiriwo ankanyamukira limodzi ku ntchito, kudzera pachitunda chija pamene malole amakwawa ngati akamba. Kenaka ku ntchito kuja anaika loko pa diramu. Chigubu chinauma. Loweruka masana galimoto inalowa pageti itamwa petulo wamba, ndipo mkuluyo, ali pampando wawo pakhonde, anamva. Timiyala m'chitini. Kugogoda kuja kunali kutabwerera, tsopano kolusa, chifukwa nati ija inali ikadali pomwe anaimangira.

Anamuuza mkamwini kuti aimasule. Iye anayankha mwaulemu ndithu, manja kumbuyo, kuti Lachitatu apeza chigubu china kwa mnzake, masiku anayi okha sangaphe injini.

Lamulungu anthu onse atapita kukapemphera, mkuluyo anatenga sipanala yawo yaing'ono. Makiyi anali pamsomali kuseri kwa chitseko. Anatsegula boneti. Nati ija anaiona, anaikhudza ndi chala. Kuipotokola kawiri kokha basi, ntchito yosatha ndi mphindi imodzi. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Anaganiza za mmene zidzamvekere, kuti nkhalamba yodyera pakhomo pa mkamwini yayamba kugwiragwira katundu wa eni. Anatseka boneti pang'onopang'ono, sipanala n'kuiponya m'thumba la jekete.

Lolemba m'mawa anamuitanira Mzime pambali, namupempha kuti akwere basi m'malo mwa galimotoyo.

"Ababa, ndachedwa kale. Ndikabwera ndikugulirani mankhwala a mawondo aja."

Anawakonza kolala ya jekete, n'kukalowa m'galimoto. Mkuluyo anaima pageti mpaka phokoso litazimirira. Timiyala tija ankatimvabe ngakhale galimoto itakhota.

Amene anaona amati pachitunda paja mkamwini anapatukira mbali inayo kuti apitirire lole ya matabwa. Ali pakatikati pa loleyo injini inaphulika, utsi woyera kuti tolo, mphamvu zonse n'kuthera pomwepo. Kutsogolo kunkabwera basi ikutsika chitundacho. Mkamwini anakhotetsera galimoto kuphompho, ndipo mbali imene inakagunda mtengo inali ya Mzime.

Mkamwini anatuluka m'chipatala patatha milungu itatu, akuyendera ndodo. Anafika pakhonde, nagwada movutika, nati iye ndi amene anapha mwana wawo. Mkuluyo anapisa m'thumba, natulutsa sipanala ija, naiika pansi pakati pa awiriwo. Mkamwini anaiyang'ana, anayang'ana nkhalambayo, ndipo anamvetsa kuti nayonso ikanatha kuimasula nati ija koma inaisiya. Onse awiri anakhala pamenepo mpaka mthunzi unasuntha.

Akukhalabe nyumba imodzi. Galimoto sanagulenso. Sipanala ili pamsomali paja pankakhala makiyi, ndipo palibe amaichotsa.

Nkhalambayo masiku ake akutha, mutu wayamba kutaya zinthu. Ndiye inu amene Mzime anakubayaniko jekeseni akukusekererani kuti musaope, muzimutchulako. Musamusiye kuti azikumbukiridwa ndi anthu awiri okha amene sangathe kuyang'anana m'maso.