Wothyoka Mwendo Mulibe mu Kompyuta

Make mapasa anafika ku ofesi ya kampani yoperekera anthu katundu atafumbata kalata ya kuchipatala. Mwamuna wake anali gone m'wodi, galimoto itamugunda akukapereka phukusi pa njinga yamoto. Adokotala anati fupa likufunika chitsulo, apo ayi munthuyo sadzapondanso pansi. Chitsulocho n'chogula, ndipo anthu anati inshuwalansi ya kampani imalipira.

Ofesi yake inali kachipinda konunkha thukuta la zipewa zounjikidwa pakona. Mtsikana wa pakauntala atamva nambala ya foni imene mwamunayo ankagwirira ntchito, anajompha kompyuta ndi chikhadabo chofiira.

"Nambala iyi? Mayi, munthuyu ali bwinobwino. M'mawa uno wapereka keke."

"Keke? Munthu woti akukodzera m'botolo?"

"Dzina lili apali si la amuna anu. Abwere mwini wake."

Zinali zoona. Kampani itasiya kulemba anthu atsopano, achimwene ake a make mapasa anabwereketsa dzina ndi foni kwa mlamu wawo, iwo n'kumadyerera ali khale pakhomo. Zaka ziwiri zathunthu. Tsiku la ngozi anathamangira kuchipatala, anthu n'kumati chikondi, kani ankakasolola foni m'thumba la wodwala.

Make mapasa anawapeza achimwenewo panja pa geti la ofesiyo, atakhalira njinga yobwereka.

"Achimwene, tiyeni mukanene kuti ankayenda ndi alamu anu."

"Iwe chemwali, andifufute? Ndizidya miyala?"

"Mwendo, achimwene."

"Alamu ndi chimuna, achira. Tikupemphera."

Foni inalira, kuitana ntchito. Pagalasi pake panali pakadali magazi ouma. Achimwene analavulirapo, n'kupukuta pa buluku, n'kuliza njinga.

Make mapasa anabwerera mkati n'kukhuthula zonse, osasiyako kanthu. Mtsikana uja anamvetsera bwinobwino, kenako anajompha kamodzi.

"Tawafufuta. Zikomo potidziwitsa."

"Nanga chitsulo?"

"Amuna anuwo sitikuwadziwa. Ndipotu ngakhale achimwene anuwo sanali antchito athu. Ife tilibe antchito, mayi, timangothandizana ndi anthu."

"Nanga zipewa zonunkhazi amavala ndi mizukwa?"

"Wotsatira!"

Kuchipatala anapeza mwamuna wake atadzutsa mutu, maso ali kukhomo.

"Ati bwanji, make mapasa?"

Iye anakhuthula botolo lija, n'kukasaka anesi kuti afunse kumene amagulitsa ndodo zoyendera.