Kusalaza Munda wa Naini

...nanga n'chifukwa chiyani a Elson, bwana wake, anasankha iyeyo, Alesi, pa makalaliki onse anayi a pa esiteti, kuti aphunzire kuumba malo pa kompyuta? Ankati ndi mwayi, iye n'kuulandira ndi manja awiri, koma lero mwayiwo unkamununkhira nyambo.

Masabata atatu akhala akumuphunzitsa: droni imajambula mapiri a tiyi, kompyuta n'kuluka ukonde wa timakona ting'onoting'ono pamwamba pake, ndipo ntchito ya Alesi ndi kudutsitsa bulashi ya pa kompyutapo pomwe ukondewo wachita makwinya mpaka pasalale. Zinkamukoma, kunena zoona, kufikira m'mawa uno pamene anamupatsa munda wa naini, komwe akufuna kudzala makadamiya. M'mphepete mwa khwawa ukonde unatupa malo asanu ndi awiri, mondandalika.

"Zinyalala za droni zimenezo," anatero a Elson. "Ingosalazani, mapu apite ku Limbe isanakwane folo."

Zinyalala sizindandalika. Alesi ankapadziwa pamenepo: mitumbira ya Alomwe oyamba aja, amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, yopanda mtanda, yopanda simenti, komwe amayi ake amapita ndi khasu chaka ndi chaka mvula isanagwe, kukalambula pa agogo awo. Kodi a Elson sakudziwa, iwo obadwira pa Makwasa pompa — kapena akudziwa bwino lomwe, ndipo akufuna dzanja la mwini manda, kuti mawa thirakitala ikadutsa adzati mdzukulu anasalaza yekha? Kapenatu woipa mtima ndi iye, wosayamika, wofunafuna mfiti mwa munthu amene wamukweza, pomwe iyeyo Alesi chaka chino sanapite nawo kolambula chifukwa cha maphunziro omwewa? Anachita manyazi, kenako mantha, pakuti ntchito imeneyi ndi imene inatula dengu la tiyi pamsana pa amayi ake.

"Pavuta?" A Elson anali ataima kumbuyo kwake.

"Ayi, bwana."

Akungoyesa mphamvu ya bulashi, anadziuza choncho, n'kudina kamodzi. Chotupa chakumapeto, chaching'ono kuposa zonse, cha mwana ndithu, chinamira mu ukonde mwakachetechete, timakona n'kugona bwinobwino ngati sipanaikidwepo munthu. Batani lobwezeretsa chotupacho linali pomwepo pansi pa chala chake, ndipo pakhosi pake ankamva mpweya wa a Elson, wofunda, ukudikira.