Mpunga wa Malume a Kuseri kwa Phiri

Chakumasana, banja la mayi Sokhom, la mtundu wa Akhmer, linali pamthunzi kunsi kwa nyumba yawo yomangidwa pamwamba pa nsanamira, likukulunga mpunga wonanda m'masamba a nthochi. Mawa lake linali tsiku lodyetsa makolo kukachisi, ndipo wakufa amene dzina lake silitchulidwa amabwerera ndi njala mpaka chaka china.

Chaka chimenecho panali dzina latsopano, la Chhuon, mlongo wawo wa mayi Sokhom, yemwe adamwalirira kuseri kwa phiri, ku Surin, m'dziko la Thailand. Koma wotchula mayina pakhomopo anali mkamwini wawo Vuthy, msilikali wakale wa m'malire, ndipo iye anali atakana. Ankati Asiyamu, eni dziko la Thailand, adadya kale zokwanira: adagwetsa mzinda wa Angkor, natenga anthu ndi ziboliboli, mpaka pano akulimbiranabe ndi Akhmer kachisi wa pamwamba pa phiri la m'malire. Wokakhala kwawoko akadyetsedwe komweko.

Mayi Sokhom sanatsutse, poti nawonso adakula akumva zomwezo. Komabe mtima wawo unali ku ngolo zakale zikukwera njira ya m'phirimo, Chhuon atakhala pa mitsuko ya nsomba zamchere zokasinthanitsa ndi nsalu, akuimbira ng'ombe. Masiku amenewo malire anali pa mapu a atsamunda Achifalansa pokha. Ng'ombe sizinkawadziwa. Uko Chhuon adakapeza Akhmer anzake, napezanso mkazi.

"Mwananga," anatero mayi Sokhom kwa Vuthy osakweza mutu, "muli m'ngalande za nkhondo zija, a tsidya linalo munkawamva akuyankhula chiyani?"

Vuthy anamanga mtolo umodzi, n'kuumasulanso. Kenaka anafotokoza kuti tsiku lina kutagwa chimvula, msilikali wa mbali inayo anayamba kutukwana matope m'Chikhmer, akugudubuza lilime kumapeto kwa mawu monga ankachitira malemu agogo ake a Vuthy. Vuthy anangotsala pang'ono kuyankha kuti wawa.

"Ndiye mukadawaombera agogo anu chifukwa cha matope?" anaseka mkazi wake, Sreymom.

"Iwe kulunga mpungawo, ukutayika," anatero Vuthy.

M'mawa kukachisi, Vuthy anagwada, nayamba mayina kuchokera kwa akale. Atafika kumapeto anakhosomola, n'kutchula la Chhuon mofulumira ngati likumuotcha pakamwa. Mayi Sokhom anaumba mpunga m'dzanja, naponyera mlongo wawo chakumpoto kumene kuli phiri. Agalu a pakachisi anauthamangira, Sreymom n'kuyamba kusonkhanitsa mbale.