Yidaki ya Mawu a Bunbatji

Dhalpirri anayamba kuwombera Bunbatji yidaki, chitoliro chachitali cha mtengo wobooledwa ndi chiswe, onse awiri ndevu zisanamere. Bunbatji ankaimba akugogoda timitengo take, Dhalpirri ali khale pambali pake, mapeto a yidaki atatsamira pamchenga. Ku Yirrkala ndi midzi yozungulira, kukagwa maliro kapena kukakhala chinamwali cha anyamata, anthu sankatchula mmodzi kusiya mnzake. Kenako Bunbatji anakwatira Marrpala, mlongo wake wa Dhalpirri, ndipo chilamu chinangowonjezera moto. Ankanyozana m'bwato, pansi pa mtengo, ngakhale pakati pa nyimbo, mmodzi akupenya mnzake ndi diso la kumbali.

Zinthu zinasokonekera pa chinamwali china, onse atayamba imvi. Dzuwa linali paliwombo, ovina atadzipaka dothi loyera, fumbi lili koboo. Nyimbo ya mphepo itafika pamene imathamanga, Dhalpirri anamva chifuwa chikumuthina. Mpweya umene moyo wake wonse ankangoukokera m'mphuno masaya akugwira ntchito, tsiku limenelo unakana. Yidaki inalira ngati galu wotsamwa fupa, n'kukhala zii. Ovina anaima, ena mwendo uli m'mwamba.

Bunbatji anatembenuka, nkhope ili gwa.

"Alamu, chiswe chamaliza mitengo, tsopano chalowa mwa inu?"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Anaseka ovina, anaseka ana, ndipo Dhalpirri anamva ngakhale kuseka kwa apongozi ake akazi, munthu amene sankayang'anizana naye n'komwe. Anamaliza nyimboyo mano ali chilumire. Mwambo utatha anakweza katundu pa galimoto n'kusamukira kumudzi kwa amayi ake, nyumba zochepa za malata m'mbali mwa mtsinje, kumapeto kwa msewu wofiira umene mvula ikagwa sudutsika.

Chilimwe chotsatira Bunbatji anamulondola komweko, atanyamula nyama ya kamba wam'nyanja ndi fodya.

"Alamu, mpaka lero? Pakamwa panga mumapadziwa. Ndinakutchulanipo zoopsa kuposa zija."

"Munkanditchula tili awiri m'bwato. Osati pamaso pa ana ndi apongozi anga."

"Ndiye nditani, ndigwade? Mawondo angawa ndikagwada mundidzutsa ndinu nomwe."

"Kapezeni mnyamata wa mapapo atsopano."

"Anyamata ndawayesa. Amathamanga ngati akuthawa njati. Palibe amene amadziwa pamene ine ndimapumira."

Nyama ija Dhalpirri anaigawira anzake oyandikana nawo, fodya anabweza, chifukwa anali atasiya kusuta. Zimene sanauze mlamu wakeyo n'zakuti m'mawa uliwonse ankapita kugombe kukawomba yekha, ndipo mpweya unali utayamba kubwerera. Ankafuna adzangotulukira tsiku lina pabwalo, awombe mpaka Bunbatji mawu amuthere. Koma mwambo uliwonse ukamveka ankati, "Ndidzapita winawo." Mvula zinagwa, udzu unapsa, zaka zinapita.

Anamva kuti Bunbatji wadwala impso, akukhala mumzinda wa Darwin pafupi ndi makina otsuka magazi. Kenako anamva kuti watopa nawo makinawo, wabwerera kwawo. Patangopita masiku, Gayili, mwana wamkulu wa Bunbatji, amene tsopano anali ndi ana akeake ndipo ankaimbanso, anafika ndi galimoto yodzaza fumbi.

"Amalume, bambo ali chigonere. Tikuwaimbira nyimbo za kwawo kuti azimva njira. Koma aliyense akawomba, iwo akugwedeza mutu. Akuti, 'Kanditengereni wachiswe uja.'"

Dhalpirri anaseka mosafuna, misozi ili lengelenge. Analowa m'nyumba n'kutulutsa yidaki yake yakale. Inali ndi mng'alu wautali m'mbali, ndipo atayesa inalira mosasa.

"Tiyeni nayo yomweyo," anatero Gayili. "Timata ndi guluu tikafika."

"Ndikaonekere kwa bambo ako ndi chinthu chamamatamata? Andisekenso? Iwe tsogola. Ukawauze kuti ndikubwera ndi yatsopano, yoyenera mawu awo."

"Amalume, sakudyatu."

"Munthu uja ndi wamakani, sangapite asanandinyoze. Tsogola."

M'mawa mwake analowa m'nkhalango ya bulugama ndi nkhwangwa. Ankagogoda mtengo uliwonse ndi msana wa nkhwangwayo, khutu lili pakhungwa, kumvetsera ngati chiswe chinaboola bwino. Woyamba umene anadula unali ndi bowo lalikulu kwambiri, anausiya. Wina unali wopindika moipa. Wina unali wabwino, mwina munthu aliyense akanakhutira nawo, koma atauyesa mawu ake anali okwera, ndipo Bunbatji ankaimbira pansi, m'chifuwa, ngati mafunde akutali. Anausiyanso. Pamene ankapeza umene ankaufuna, dzuwa linali litatuluka ndi kulowa kangapo.

Anausenda makungwa, anagogomola dothi la chiswe, anakuza bowo la kumunsi ndi tchizulo. Ankadula kachidutswa, kuwomba, kutseka maso n'kumamvetsera mawu a mlamu wake m'mutu, kenako kudulanso. Itagwirizana ndi mawuwo, thupi lonse linachita tsemwe. Apo akanatha kunyamuka. Koma anaiona ili mbuu, yopanda utoto, ndipo anakhalanso pansi kusakaniza dothi lofiira ndi loyera.

Anakwera galimoto ya mnansi wake, yidaki ataikulunga m'bulangete n'kuigoneka pamiyendo. Njira yonse ankakonza mawu oti akamubwezere mlamu wake. Atayandikira nyumba, woyendetsa anatsitsa wailesi. Dzuwa linali lisanafike pamutu, ndipo kulira kwa akazi kunkamveka mpaka pamsewu.

Gayili ndiye anabwera kudzamutsegulira chitseko. Dzina la bambo ake sanalitchule, popeza kuyambira tsiku limenelo linali losatchulidwanso.

"Munthu uja watisiya m'mawa uno, tiyi akadali pamoto."

Marrpala anali pamphasa, mutu atapaka dothi. Pamwambo wawo mlongo salankhula ndi mchimwene wake maso ndi maso, ndiye anayang'ana kumbali, n'kumalankhula ngati akuuza mpongozi wake amene anamugwira phewa.

"Galimoto iliyonse ikamveka ankati timudzutse, atsamire pakhoma. Ankati mlamu wake asamupeze atagona, angamuseke. Dzulo anapempha malaya ake abwino."

Dhalpirri anakhala pansi pomwepo, pamchenga wotentha, bulangete lili chikulungire.

Maliro atayamba, Gayili anatenga timitengo ta bambo ake n'kukhala patsogolo. Dhalpirri anamasula yidaki ija, amuna onse n'kusuzumira, chifukwa inalidi yokongola. Gayili anayamba nyimbo, iye n'kulowa. Sipanapite nthawi kuti aliyense amve kuti sizikugwirana. Mawu a Gayili anali opyapyala, okwera, ndipo yidaki inkayenda pansi patali, payokha, ngati ikudikira munthu wina. Gayili anayesa kutsitsa mawu, khosi linakana. Nyimbo itatha anaweramira kwa malume wake.

"Pepani amalume," ananong'ona. "Sindikuifikira. Tengani iyi."

Inali yidaki wamba ya mnyamata wina, yokulungidwa tepi kukamwa. Dhalpirri anailandira. Anawomba tsiku limenelo, ndi lotsatira, mpaka maliro onse anatha. Nyimbo zothamanga ndi zazitali zomwe, mpweya sunamuthere ngakhale kamodzi. Ovina ankatuluka m'bwalo thukuta lili kamukamu, akumugwira phewa.

"Akulu, kodi munkabisala chifukwa chiyani? Zaka zonsezi tinkati munadwala."

"Sindinadwale," anayankha.

Ataika maliro, Gayili anamupempha kuti asabwerere kumtsinje, chifukwa kunali chinamwali mwezi wotsatira ndipo analibe womuwombera. Dhalpirri anavomera. Anam'patsa chipinda chakumbuyo, ndipo anakhala kumeneko mpaka miyendo inafooka, akuwombera mwana wa mlongo wake pamwambo uliwonse. Yidaki yatsopano ija anaiika pamwamba pa kabati. Alendo ankaifunsa, anyamata ankapempha kuti aiyeseko, iye ankangoti ikudikira utoto uume.