Nyerere Sizinama

Lukhi anali pakhonde akung'amba sari yake yakale, nsalu yaitali yovala amayi, m'tizidutswa pamene mbuzi ya Somai, bambo wa kutsidya kwa mtsinje, inayamba kubudula masamba a maungu kuseri kwa nyumba. Mbuziyo inafika m'mawa womwewo pamodzi ndi mtsuko wa mowa wa mpunga. Ntchito ya mwamuna wake Ragda inkabwera choncho nthawi zonse, mbuzi patsogolo, mlandu pambuyo.

Ragda anali sing'anga wofufuza mfiti, ndipo dzina lake linkamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Mwana akafa m'mudzi, kapena ng'ombe ikapoloza, ankamuitana. Iye ankatenga timaphukusi ta mpunga wosaphika, kaphukusi kalikonse n'kukatchula dzina la mayi mmodzi wa m'mudzimo, kenako n'kutiika pa chulu. Kamene nyerere zakaunjirira, mwini wake ndiye mfiti. Anthu ankati nyerere sizinama, pakuti zilibe mbale.

Zimene anthu sankadziwa n'zakuti timaphukusito ankamanga ndi Lukhi, ndipo kamodzi ankakapaka gur, shuga wa nzimbe uja wabulauni amene ngakhale mwana wakhanda amamudziwa fungo.

"Kansalu kokhala ndi mzere wofiirako upake bwino," anatero Ragda akupukuta mowa ku ndevu. "Ulendo watha unaumira, nyerere zinachedwa mpaka ndinatuluka thukuta."

"Ndi ka ndani lero?"

"Ka mlamu wake wa Somai, wamasiye uja. Maino."

Manja a Lukhi anaima. Iye ndi Maino ali atsikana anaikana maluwa m'tsitsi pa chikondwerero cha maluwa, pamaso pa amayi awo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sankatchulananso mayina. Aliyense ankaitana mnzake kuti Duwa. Ubale wotero sutha ndi ukwati kapena mtsinje, ndipo Ragda ankadziwa bwino lomwe.

"Bambo a Dulal, ameneyo ndi Duwa wanga," anatero Lukhi, akumuitanira dzina la mwana wawo.

"Duwa wako, osati wanga."

"Mwana wa Somai anafa ndi malungo. Anamugoneka m'nyumba mpaka anasiya kuyamwa, galimoto ya kuchipatala imadutsa pamsewu tsiku ndi tsiku. Chimene Somai akufuna ndi munda wa mpunga wa m'mbali mwa mtsinje umene mchimwene wake anasiyira Maino. Ngakhale mbuzi yakeyi ikudziwa."

"Ndiye ukaifunse mbuziyo," anatero Ragda akuseka. "Ikafika mu mbale sumafunsa mafunso ambiri chonchi. Paka, tikuchedwa."

Analowa m'nyumba kukavala mikanda yake ya ntchito. Lukhi anamuyang'ana kumsana. Bambo wamkulu, wa imvi, wokhala ndi mdzukulu, kumadya za kunamizira akazi opanda owateteza! Anakumbukira Jhano, mayi wokalamba amene nyerere zinamusankha chaka chatha. Anamumeta mpala ndi lumo lobuntha, anamumwetsa zonyansa za m'chimbudzi zosungunulira m'madzi, n'kumuzungulitsa mudzi wonse ana akumugenda. Amuna amene anamugwira manja anali omwewo amene Jhano anawabadwitsa ali mzamba. Jhano tsopano ankagona pa siteshoni ya sitima. Nyama ya mbuzi ya tsiku limenelo Lukhi anaiphika yekha, ndipo fungo lake silinachoke m'mphuno mwake.

Anatsegula chitini cha gur. Poyamba anaganiza zopaka kansalu kena, kakagwere kumene kagwere. Koma kakanagwera ndani? Mwina Rupni, mkazi wa Somai, amene mabere ake anali akuchuchabe mkaka wa mwana wakufa. Anapukusa mutu. Anasungunula gur m'kambale, n'kuviika chala, n'kupaka kansalu kofiira monga anauzidwira. Atatero anapakanso kena, ndi kenanso, mpaka tonse tinatha. Anatiyanika pang'ono padzuwa, n'kutiika mu lichero.

Anawoloka mtsinje, Ragda patsogolo ndi ndodo yake, Lukhi pambuyo ndi lichero pamutu. Mudzi wa Somai unali utasonkhana kale pa chulu cha pansi pa mtengo wa mango. Amuna anaima pamthunzi. Akazi amene anatchulidwa anawakhazika padzuwa pamzere, ndipo Maino anali kumapeto, pakati pa iye ndi mnzake woyandikana naye pali mpata woti ng'ombe n'kudutsa. Lumo linali kale m'manja mwa mphwake wa Somai, mlandu usanayambe n'komwe.

Maino anadzutsa maso. "Duwa," anatero chapansipansi.

"Duwa," anayankha Lukhi, osaima.

Ragda anathira mafuta pa tsamba, analiyang'ana ndi diso limodzi, anabuula ngati wadya zosapsa. Kenako anatola timaphukusi kamodzikamodzi akutchula mayina. Kofiira anakasiya komaliza, n'kukakweza m'mwamba kuti aliyense aone. "Maino, mkazi wa malemu Budhan." Anatiika pa chulu n'kuuza anthu abwerere m'mbuyo, mizimu isachite manyazi.

Anthu anadikira. Ena anayamba kutafuna fodya, ena ankakambirana za mtengo wa feteleza ngati ali pamsika. Lukhi anawayang'ana mmodzimmodzi. Aliyense wa iwo anadyapo mpunga wa Maino pa maliro a Budhan.

Dzuwa litafika pamutu, Ragda anapita pa chulu, Somai ali pambali pake, khamu pambuyo. Onse anaima chilili. Timaphukusi tonse tinali bii ndi nyerere. Ka Maino, ka Rupni, ka mayi ake a Somai, ngakhale ka mkazi wa mphunzitsi, tonse tinkanyevuka mofanana.

"Ndiye kuti mudzi uno tinakwatira mfiti zokhazokha," anatero mkulu wina wopanda mano. "Ine ndinkakuuzani."

Ena anaseka, ndipo Lukhi anapuma. Anaganiza kuti zatha.

Koma Somai sanabwere ndi mbuzi kuti adzamve nthabwala. "Mukuseka chiyani? Simukuona? Maino wazituma yekha nyererezi kuti abisale pakati pa akazi athu. Mfiti wamba singathe zimenezi. Uyu ndi mkulu wawo."

Ragda, amene nkhope yake inali itachita phulusa, anagwira mawuwo ngati munthu womira wagwira nthambi. "Wanena zoona Somai. Tsamba linandionetsa kale. Mayi uyu ali ndi mphamvu zoopsa."

Kuseka kunazima. Mitu inayamba kugwedera. Anthu omwe aja amene amati nyerere sizinama tsopano anavomera kuti nyerere zimatumidwa, popanda ndi mmodzi yemwe wokanda mutu. Mphwake wa Somai anayamba kunola lumo pachikhatho. Amuna awiri anagwira Maino m'mapewa, iye sanalimbane nawo, anangotseka maso.

Lukhi anaika lichero pansi. Mkwiyo unali utaposa mantha. Anapita pa chulu, anatola kaphukusi kofiira, anakakung'untha nyerere n'kukatambasulira kwa Somai.

"Achimwene, lawani."

"Chiyani?"

"Nyambitani kansaluka. Lilime muli nalo, takumvani mukulankhula."

"Mayi a Dulal, bwerera kuno," anatero Ragda, mano atalumana.

Lukhi sanatembenuke. "Ndi gur. Ndapaka ndine, ndi chala ichi. Masiku onse ndimapaka kamodzi, kamene mwini mbuzi wasankha. Ka Jhano ndinapakanso ndine. Lero ndapaka tonse, kuti muone mizimu yanu mmene imakondera zotsekemera."

Palibe anasuntha. Somai anabisa manja kumbuyo ngati kaphukusiko ndi khala la moto. Amene anadzuka anali Rupni. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa chulu, anatola kaphukusi ka dzina lake, anakapukuta ndi chala n'kukaika pa lilime. Kenako analavula.

"Shuga," anatero. Anatembenukira mwamuna wake. "Ndinakupemphani mugulitse mbuzi ija tipite naye kuchipatala mwana, munati mbuzi ndi ya mbewu. Lero ndiye yapezeka yopatsa munthu uyu?"

Amuna aja anamusiya Maino ngati sanamugwirepo. Lumo linalowa m'thumba. Anthu anayamba kuchoka awiriawiri, uyu wakumbukira ng'ombe, uyo wakumbukira madzi a kumunda. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati pepa. Mayi wina podutsa pafupi ndi Lukhi anakokera mwana wake kumbali ina, n'kunong'oneza mnzake mokweza ndithu kuti mkazi wochititsa mwamuna wake manyazi pagulu sakhala wabwinobwino.

Maino anamugwira dzanja. "Duwa, usabwerere kunyumba ija. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Ndikatenge zovala zanga zokha," anatero Lukhi.

Lukhi atafika kunyumba anapeza mbuzi palibe, Somai anali atatuma kale munthu kudzaimasula. Ragda anali atakhala pakhonde, mikanda ikadali m'khosi. Sanamukalipire, sanamumenye. Pamwendo pake panali chotsala cha sari ija, ndipo ankang'amba bwinobwino kansalu ka m'mphepete, ka mzere wofiira.

"Anthu akufunsa," anatero osadzutsa mutu. "Akuti chamulowa n'chiyani mkazi wa Ragda. Ena akuti si iwe unalankhula paja. Ine ndine sing'anga, ndiyenera kuwayankha."

Lukhi anadziwa kuti kansalu kofiirako ndi ka dzina lake. Anamuyang'ana, mwamuna amene anamuphikira kuyambira ali namwali. Sanamve chisoni kapena mantha, anangomva kunyansidwa kokhakokha, ngati wagwira chinthu chowola m'nkhokwe. Analowa m'nyumba, anamanga zovala zake ndi mbale yake yamkuwa mu nsalu imodzi. Potuluka anatenga chitini cha gur n'kuchiika pafupi ndi phazi la Ragda.

"Musungunule ndi madzi pang'ono, bambo a Dulal," anatero. "Mukapaka wouma, nyerere zimachedwa."

Anasenza katundu wake n'kutsetserekera kumtsinje, kumene Maino ankamudikira kutsidya.