Osakoka

Lachisanu lija Madamu Osakoka anadzuka ntchito zitawandandalikira kale. Anasambitsa mwana wawo ndi kukamsiya kwa mlamu wawo, anasita yunifolomu, anakapempha makiyi a holo, anakoka mabenchi khumi ndi awiri, anawerenga zolembera makumi atatu, kenaka anakhala pansi kusoka khosi la chidole chophunzitsira lomwe linang'ambika dzulo lake. Dzina la Osakoka anawapatsa ndi ophunzira awo a uzamba, poti mawuwo sankachoka pakamwa pawo.

Miyezi inayi anakhala akulembera bungwe lina kupempha ndalama za tsiku limodzi lokha, loti aphunzitse ophunzira awo makumi atatu kubereketsa mayi amene mwana wake watsogoza matako m'malo mwa mutu. Papepala analembapo zidole zisanu zogula, chilichonse ndi chiuno chake cha pulasitiki. Ndalama zinabwera, koma zinalowera mu ofesi ya mkulu wa sukulu.

"Madamu, alendo olemekezeka sangakhale pa benchi," anatero mkuluyo sabata ya m'mbuyo mwake. "Pafunika mipando yobwereka, mafuta a galimoto zawo, chakudya, alawansi ya ophunzira, ndi nsalu yolembedwa yopachika pakhomo kuti eni ndalama adzaione pachithunzi."

"Nanga zidole, bwana?"

"Si mumasoka inu? Walira mvula walira matope. Mukaitana ndalama mwaitananso akudya ake."

Ndiye anasokadi. Anadula nsalu yakale ya pabedi, anathiramo mchenga mpaka chidole chinalemera makilo atatu, mutu anaikamo mpira. Chiuno cha mayi chinali ndowa yoboola pansi.

Pulogalamu inati kuyamba eyiti koloko. Alendo anafika dzuwa lili pamutu. Mlendo wamkulu analankhula ola lathunthu za kuipa kwa malungo, chifukwa anali atatenga pepala la msonkhano wina, ndipo anthu anaomba m'manja. Kenaka zithunzi pansi pa nsalu ija. Kenaka chakudya. Madamu anagwira ndowa yawo nthawi itakwana fili koloko.

"Tamverani, ana inu. Matako akaoneka, manja anu abwerere kumbuyo. Amayabwa, ndikudziwa. Mayi akulira, apongozi ake akugogoda chitseko, mtima ukukuuza kuti koka. Ukakoka, mwana amakweza mikono, chibwano chimadzuka, mutu umakodwa. Musiye atsike yekha, msana uyang'ane kumwamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaona tsitsi la pankhongo, m'pamene zala ziwiri zipite pamasaya. Mwamva chiyani?"

"Osakoka," anayankhira limodzi, ena akuseka.

"Pakamwa mwakhoza. Tsopano tione manja."

Woyamba anakoka. Wachiwiri anakokanso, mpaka ulusi wa pakhosi unalira. Aliyense Madamu ankamubweza kawiri kapena katatu kufikira manja atamva. Atatha asanu ndi anayi, kalaliki wa sukulu anasuzumira pakhomo ndi envulopu kukhwapa.

"Amene sanasaine alawansi, ine folo koloko ndikutseka. Lolemba musadzandifune, sindine mlamu wanu."

Mabenchi analira, ophunzira akuthamangira kwa kalaliki. Wakhumi pamzere anali mtsikana wofatsa yemwe anzake ankamutcha Wamagalasi, ndipo chidole chinali kale m'manja mwake.

"Madamu, ndingosaina ndibwera. Yokwerera popita kwathu ili momwemo."

"Gwira kaye, mwanawe, mphindi zisanu zokha."

"Ndibwera, Madamu, ndithu."

Anaika chidole patebulo mosamala ngati mwana weniweni, n'kuthamanga. Mzere wa kwa kalaliki unali wautali. Pamene ankabwerera, anthu okongoletsa ukwati wa mawa lake anali atalowa kale mu holo ndi makwerero awo, ndipo ndowa ija anali ataikamo maluwa.

Mkulu wa sukulu anabweretsa masatifiketi makumi atatu ndi cholembera.

"Bwana, amene agwira chidole ndi asanu ndi anayi."

"Eni ndalama analipirira makumi atatu. Tikalemba naini, chaka chamawa sitidzanunkha kanthu. Onse aona ndi maso."

"Maso sabereketsa, bwana."

"Sainani. Otsalawo mudzawaphunzitsa sabata yamawa."

Onse awiri ankadziwa kuti sabata yamawa ophunzira amwazikana kupita ku zipatala zing'onozing'ono kukayesera ntchito. Madamu anayang'ana wotchi. Mlamu wawo anali atanena kuti faifi koloko ikakwana amsiya mwana pakhonde. Anasaina onse makumi atatu. Mumtima anati adzawaitana mmodzimmodzi akabwerako.

Panapita masabata asanu ndi awiri. Tsiku lina masana, akuyanika zovala, foni inalira m'thumba la epuloni.

"Madamu, ndine Wamagalasi. Miyendo yatuluka, thupi latuluka, mutu wakana."

"Azamba aakulu ali kuti?"

"Apita kumaliro. Anati ndikhoza kutsala ndekha poti ndili ndi satifiketi ya zimenezi. Ili pakhoma."

"Mikono ili kuti?"

"Ili m'kati, Madamu. Yakwera m'mwamba."

Madamu anakhala pansi pa udzu, chovala chonyowa chili pamwendo.

"Wakoka?"

Chapatali mayi ankabuula.

"Mawu aja ndimawakumbuka, Madamu. Ndimawanena pakamwa. Koma manja anapita okha."

"Usalire tsopano. Ika foni pabedi, kweza mawu, uchite zimene ndikuuze."

Anamuuza kagwiridwe ka chiuno cha mwana, katembenuzidwe kake kuti mkono utsike, kenaka unzake, ndi poika zala. Mtsikanayo anachita zonse, koma ankazichita koyamba, pa mwana wa munthu. Zinatenga mphindi khumi ndi zinayi. Mayi anachira. Mwana sanalire.

Lolemba lake Madamu anatenga kaundula wa ophunzira ndi kuika chizindikiro pa mayina makumi awiri ndi limodzi otsala. Anachapa ndowa ija, anasokanso khosi la chidole ndi ulusi wa nsapato, anazimanga m'chiguduli kuti Loweruka lililonse azikwera nazo basi, chipatala chimodzi pa ulendo. Kuseri kwa kaundulayo analemba mmene tsiku lija linadyera ndalama, poti lipoti lopita kwa eni ndalama linangoti zonse zinayenda bwino.

Pa magawo khumi a ndalamazo, atatu anapita ku alawansi, awiri ku chakudya, awiri ku mafuta a alendo, limodzi ku holo ndi mipando, limodzi ku nsalu ya pakhomo, limodzi ku masatifiketi. Ku zidole sikunapite kanthu. Mchenga unali waulere. Wamagalasi anabweza yunifolomu n'kubwerera kwawo, atatsala ndi miyezi inayi kuti amalize. Mwana womwalira uja anali wamkazi, wa makilo atatu, kulemera kofanana ndi chidole.