Mabotolo Awiri M'firiji ya Nsomba

Lachiwiri pa 14 Malichi, sikisi koloko m'mawa, Kabula anafika kwa alamu ake a Bundala ku Kirumba, mumzinda wa Mwanza, kudzatenga mankhwala a mwamuna wake. Mwamunayo, Luhende, anali atatsogola kale kuchipatala kukayezetsa magazi. Linali tsiku la 21 chilandirireni diripi yoyamba, ndipo dokotala anali atanena kawiri kuti khansa ya m'mwanabere ya mtundu umenewu imathamanga, tsiku lisadumphidwe.

Mankhwala ake anali amitundu iwiri, ofunika kulowa tsiku limodzi. A kemo ankawapeza kuchipatala komweko. Enawo, rituximab, othandiza chitetezo cha m'thupi kuona khansayo n'kuimenya, ankachita kuitanitsa ku Dar es Salaam, ndipo pankapita masiku khumi asanafike ku Mwanza. Anabwera pa basi Loweruka, botolo lalikulu ndi laling'ono. Kwa Kabula kunalibe firiji, choncho anakawalandira a Bundala, akulu ake a Luhende, ogulitsa nsomba za mtundu wa sangara.

A Bundala anatsegula firiji ya nsomba ija, anasuntha nsomba zitatu zoundana gwa, n'kutulutsa jumbo pansi penipeni.

"Awa, alamu. Magetsi anazima Lamulungu tsiku lonse, koma awa sanasungunuke n'pang'ono pomwe."

Kabula anatulutsa botolo m'kabokosi kake n'kulipendeketsa. Zam'kati sizinagwedezeke.

"Ndinakuuzani chiyani pafoni?"

"Munati azizire."

"Ndinati azizire, asaundane! Pabokosipa alembapo chiyani?"

"Chizungu."

"Manambala nawonso ndi Chizungu? Madigiri thuu mpaka eyiti, alamu!"

"Ine ndasunga nsomba zaka 22. Chinthu chikaundana sichiwonongeka."

"Mng'ono wanuyo ndi sangara?"

Anakwera daladala, minibasi ya kumeneko. Pofika pageti la chipatala, cha m'ma hafu eyiti, mankhwala aja anali atasungunuka, ali mbee ngati madzi a pampopi. A Bundala anatenga timabokosi tonyowa tija n'kutiponya m'bini.

"Mwaona? Ali bwinobwino. Angadziwe ndani? Mukangotsegula pakamwa awataya, ndiye mng'ono wanga adikire masiku ena khumi. Khalani chete, ndiyankhula ndine."

Kabula anayang'ana mabotolo aja. Pa 21 Febuluwale, tsiku la diripi yoyamba, chotupa cha pakhosi pa Luhende chinali ngati dzira la bakha, chakudya chikudutsa movutikira. Atalandira mankhwala onse awiri chinaphwa mpaka kolala ya malaya inayambanso kutsekeka. Dokotala anati kemo payekha amagwira ntchito, koma akakhala awiri m'pamene anthu ambiri amachira. Mabotolowo anali m'manja mwake, ooneka abwino. Anakwiyira alamu akewo, kenaka anadzikwiyira yekha poona kuti mawu awo akuwaganizira ndithu.

Pawindo lolandirira mankhwala panali a Mwita, osakaniza mankhwala a diripi. Anakweza botolo lililonse kuloza ku getsi n'kuwerenga madeti.

"Mabokosi ake ali kuti?"

"Mvula, achimwene," anatero a Bundala. "Ananyowa."

"Chifikireni akhala m'firiji?"

"Osatulukamo."

A Mwita analemba papepala, n'kuika mabotolowo pathireyi yolembedwa dzina la Luhende. Anali atatembenuka kale.

"Anaundana," anatero Kabula.

"Mwati chiyani, mayi?"

"Anali m'firiji ya nsomba kuyambira Loweruka madzulo mpaka lero sikisi koloko. Ndawapeza ali mwala."

A Mwita anachotsa mabotolowo pathireyi. Sanakalipe, ndipo zimenezi zinamupweteka Kabula kuposa kukalipa.

"Awa akaundana amawonongeka m'kati, diso silingaone. Mwina sangagwire ntchito, mwinanso thupi lingawakane ali pa diripi. Sindingamupatse munthu."

"Tangoyesani laling'onolo," anatero a Bundala.

"Tiyesere pa mng'ono wanu, bambo?"

A Mwita anaimbira foni dokotala. Yankho linabwera pasanathe mphindi zisanu: magazi ali bwino, kemo alowe lero lomwe payekha, enawo adzalowe akadzafika atsopano.

Pakhonde a Bundala anayamba ndiwo. "Pakamwa panupo, alamu. Akafa mng'ono wanga, mudzawauza chiyani anthu kumudzi?"

"Ndidzawauza kuti achimwene ake anafuna kumubaya zinthu zowonongeka kuti iwo asachite manyazi."

"Ine ndimathandiza!"

"Kuundanitsako ndikanakukhululukirani. Koma mabokosi m'bini muja? Mvula ija?"

Anthu a pabenchi anali atasiya nkhani zawo. Kabula anayenda mpaka pachitseko cha chipinda cha madiripi n'kuchikankha. Luhende anali pabedi lachinayi, mkono wamanzere atautambasula kale, akuseka ndi nesi.

"Uyo apo. Akudikira mankhwala awiri. Kamuuzeni nokha chifukwa chake alandira amodzi."

"Mukamuuze ndinu mkazi wake."

"Ine ndili ndi foni yoti ndiimbe ku Dar."

A Bundala anaima pomwepo, akupukuta manja pathalauza. Kabula anagwirabe chitsekocho. Nesi wina anadutsa ndi thireyi, wodwala wina anatuluka, iye osachisiya. Luhende anadzutsa mutu, anawaona onse awiri, n'kukodola akulu akewo ndi dzanja lamanja.

A Bundala analowa.